Mawu a Chizungu akungothawa m'mutu: yankho kwa achemwali a ku Mufakose

Achemwali ena a ku Mufakose, muno mu Harare, andilembera imelo. Akuti amagulitsa mu shopu ya zovala m'tauni ndipo akufuna kulembanso mayeso a Chizungu a O Level, ndiye madzulo alionse amakopera mawu mu dikishonale n'kumaloweza, koma sabata isanathe onse aiwalika, kasitomala akangoyamba Chizungu iwo lilime limauma. Akufunsa kuti atani kuti mawu achuluke.

Achemwali, mutu wanu ulibe vuto ayi. Inuyo mumacheza ndi agogo m'Chichewa kunyumba, mukakwera kombi ya ku Mbare mumakangana ndi kondakitala m'Chishona, kodi munakhalapo pansi kuloweza Chishonacho pa kope? Munachitola m'kamwa mwa anthu, liwu lililonse lili kale m'chiganizo chake. Chizungu nachonso chimalowa choncho basi. Zokopera dikishonale kuyambira pa A zija zisiyeni, zikungokutayitsani nthawi.

Komanso musathamangire mawu ataliatali ogometsa anthu. Chizungu cha tsiku ndi tsiku chimayenda ndi timawu tating'ono ngati get, put, take, make, run, ndipo kamodzi kamakhala ndi matanthauzo ambirimbiri. Mu kope mwanu mwina munalemba kuti run ndi kuthamanga, chabwino, koma abwana akati "we have run out of size 8" palibe akuthamanga apo, akunena kuti saizi imeneyo yatha. Akati "she runs the shop" ndiye kuti mayiyo ndi amene akuyendetsa shopuyo. Put off ndi kuzengereza kapena kusuntha chinthu kuti chidzachitike tsiku lina, put up with ndi kupirira munthu wovuta. Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. A Oxford ali ndi mndandanda wotchedwa Oxford 3000, wa mawu ofunika kwambiri kwa wophunzira, uli pa intaneti ulere, ndipo liwu lililonse mukalitsegula mupeza ziganizo za chitsanzo. Ziganizozo ndi zomwe muzikopera, osati tanthauzo lokha.

Mawu alinso ndi anzawo oyenda nawo. Amati make a mistake osati do a mistake, amati heavy rain osati strong rain ngakhale ife timati mvula yamphamvu. Ndiye pali ija timamva paliponse muno mu Harare, "borrow me two dollars". Mumsewu akumvani ndithu, ndalama akupatsani, koma wochonga mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, adzangodula ndi cholembera chofiira, chifukwa wopempha amayenera kunena lend me. Chimodzimodzi robot, kuno ndi ku Joni tonse timadziwa kuti ndi magetsi a pamsewu, koma mlendo wochokera ku London mukamuuza kuti akhote pa robot angokuyang'anani, iye amadziwa traffic lights. Sindikuti Chizungu chathu n'choipa, ine ndimachikonda, kungoti muzidziwa kuti ichi n'cha pa Copacabana pokwerera makombi, ichi n'cha pa pepala la mayeso.

Ndiye chitani chonchi. Tengani nyuzipepala ya The Herald kapena NewsDay, olo yadzulo yomwe abwana ataya, werengani nkhani imodzi yokha, musankhepo mawu atatu, mulembe chiganizo chonse momwe mwawapezamo, kenako mupange chanu chonena za moyo wanu, za shopu, za lendi, za mwana. Tsiku lomwelo liwu limodzi mulinene pakamwa kwa kasitomala kapena mulilembe pa WhatsApp, anzanu akaseka asiyeni aseke. Loweruka muzibwereza zonse za sabata imeneyo mokweza mawu. Ngati bandulo ikuvuta, Harare City Library ili pa Rotten Row, pitani mukafunse mabuku a nthano osavuta, oti pa tsamba limodzi mawu achilendo asapitirire anayi kapena asanu. Akachuluka kuposa apo bwezani bukulo, mutenge lina lofewerapo.