Mafunso a Kudimba: Tomato Woola Kunsi

Funso: Ndili ndi mabedi awiri a tomato kuseri kwa nyumba. Mwezi uno wa Okutobala zipatso zikuda ndi kuola kunsi, chonsecho masamba ndi obiriwira bwino. Ndapopera mankhwala kawiri koma palibe kusintha. Chavuta n'chiyani?
Mayi wa ku Matawale

Yankho: Mayi, lekani kupopera, mukungotaya ndalama. Kuola kotere sikuyamba ndi tizilombo. Chipatso chikamakula chimafuna mchere wa kashiamu, ndipo mcherewu umakwera kuchokera m'nthaka limodzi ndi madzi. Mukathirira kwambiri lero n'kudumpha masiku atatu dzuwa likuswa mtengo, kunsi kwa chipatso kumasowa mcherewo, kenako kumada n'kufwamphuka.

Thirirani m'mawa uliwonse, patsinde, mpaka chinyontho chilowe masentimita 15. Pisani chala kapena kamtengo muone, chifukwa pamwamba pamanamiza. Phimbirani bedi ndi udzu wouma wochindikala masentimita 5, koma usakhudze tsinde. Yuriya muchepetse: amathamangitsa masamba, ndipo masambawo amalanda kashiamu yemwe akanapita ku zipatso. Musalimenso mozama pafupi ndi tsinde, khasu limadula timizu timene timamwa madzi. Zipatso zodwalazo sizichira, thyolani mutaye. Kusintha mudzakuona pa zomwe zikubwera. Podzabzala ulendo wina, sakanizani manyowa owolerana manja awiri ndi phulusa la nkhuni dzanja limodzi paphando lililonse.

Musasokoneze vutoli ndi chiwawu, chomwe chimavuta kuno ku Zomba nthawi ya dzinja ndi ya chiperoni, makamaka m'madimba a m'tsinde mwa phiri. Icho chimayambira pa masamba, amachita ngati apsa ndi moto, ndipo ndicho chimafuna mankhwala.

Funso: Mbande zanga za kabichi zimamera bwino, koma pakatha sabata zimanyala patsinde n'kugwa. Kodi ndi mbewu yoipa?
Bambo wa ku Domasi

Yankho: Mbewu ilibe mlandu, Bambo. Ndi matenda a m'nthaka amene amakonda nazale yonyowa mopitirira ndi mbande zothinana. Kwezani bedi masentimita 15, fesani mopatulira m'mizere yotalikana masentimita 10, ndipo chotsani udzu wophimbira mbewu zikangomera. Thirirani m'mawa basi, kuti dothi lisagone ndi madzi. Mbande zogwa zuleni ndi dothi lake lomwe, ndipo nazale yotsatira muyiike pamalo ena.