Kodi wa lathe angaseme kamshafti ya liwiro? Yankho kwa amene wafunsa

Achimwene, mwafunsa ngati munthu wa lathe (makina osemera chitsulo pochizunguliza) angakusemereni kamshafti, mtanda wozungulira umene umatsegula mavavu a injini, yoti injini yanu ya masilinda anayi ikoke kwambiri, komanso kuti makamshafti a mpikisano amapangidwa bwanji. Lathe payokha singaithe ntchitoyi. Koma tisanafike ku makina, dziwani kuti kamshafti yaikulu, yotsegula mavavu kwambiri ndi kwa nthawi yaitali, imangosamutsa mphamvu: ikakupatsani pa 6,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), imakulandani pa 2,000 rpm, pamene galimoto ya mumsewu imakhalitsa.

Manambala ofunika ndi atatu. Lift ndi kutalika kumene vavu imatseguka. Duration ndi madigiri a crankshaft amene vavu imakhala yotsegula. Apa ogulitsa amasokoneza anthu, chifukwa a ku America kawirikawiri amayeza follower (chitsulo chimene kamshafti imakankha kuti vavu itseguke, chotchedwanso lifter) itakwezeka mainchi 0.050, omwe ndi 1.27 mm, pamene ambiri a ku Ulaya ndi Japan amayeza pa 1 mm. Musayerekeze makamshafti awiri oyezedwa mosiyana. Pa muyezo wa 0.050, ya kufakitale imakhala chapafupi ndi madigiri 200, ya mumsewu yamphamvu pang'ono 215 mpaka 225, ndipo yopyola 240 ndi ya mpikisano basi. Nambala yachitatu ndi LSA, mpata wa pakati pa nsonga ya lobe (chotupa cha pa kamshafti chimene chimakankha vavu) ya inlet ndi ya exhaust. Ukakhala wopanikiza, ngati madigiri 106 kapena 108, mavavu onse awiri amakhala otsegula pamodzi nthawi yaitali, injini imagwedera ikaima, vacuum imatsika, ndipo mabuleki odalira vacuum amalimba. Pa 112 mpaka 114 injini imakhazikika, n'chifukwa chake a turbo ambiri amasankha pamenepo.

Chovuta chenicheni chili m'mbali mwa lobe. Pa 6,000 rpm vavu iliyonse imatseguka ka 50 pa sekondi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha zitsulozo imachuluka kanayi. Choncho wopanga amayamba ndi kuwerengera pa kompyuta momwe vavu idzanyamukire ndi kutera, digiri ndi digiri, kenako ndiye mawonekedwe a lobe amatuluka. Ikanyamuka mwadzidzidzi, sipuling'i imalephera kuigwira ndipo vavu imayandama. Ikatera mwamphamvu, imadumpha pa seat, pamene imakhala ikatseka, mpaka kuidya. Palinso malire amene ambiri saganizira: pa injini ya ma bucket afulati (ma follower onga kachikho kovundikira vavu), kukula kwa bucket ndiko kumalamula liwiro lotsegulira. Bucket ya 30 mm imalola pafupifupi 0.25 mm pa digiri imodzi ya kamshafti. Mukapyola apo, lobe imaponda m'mphepete mwa bucket n'kuyamba kukumba. Ndiye lobe yopangira roller (follower ya kagudumu) musaiike pa bucket yafulati, ngakhale manambala atafanana.

Kapangidwe kali pawiri. Za ma follower afulati zimaumbidwa ndi chilled cast iron, chitsulo chimene chimaziziritsidwa msanga pa ma lobe kuti pamwamba palimbe. Za roller zimasemedwa ku mtanda wa steel monga 8620. Lathe imagwira ntchito yoyamba yokha, kusema ma journal (pamene kamshafti imagonera pozungulira) ndi thupi. Kenako ma lobe amadulidwa mongoyandikiza mawonekedwe ake, kusiya nyama pang'ono, chitsulo chimalimbitsidwa ndi moto kufika chapafupi ndi 60 HRC (muyezo wa kulimba kwa chitsulo), chimawongoledwa chifukwa moto umachipinda, ndipo pomaliza chimapita pa makina onolera kamshafti. Akale amatsata chitsanzo chachitsulo chotchedwa master, atsopano ndi a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta, okhala ndi mwala wolimba kwambiri wa CBN. Wonola akathamangitsa mwala, pamwamba pamapsa, pamafewa, ndipo pamabuka timing'alu tosaoneka ndi maso. Pa mainjini a pushrod a ma lifter afulati, lobe imanoledwa mopendekeka pang'ono kwambiri kuti lifter izizungulira. Ikaleka kuzungulira, lobe imatha msanga.

Njira yotsika mtengo ndi regrind, kunolanso kamshafti yanu yomweyo. Sawonjezera chitsulo, amachepetsa kumsana kwa lobe. Ngati base circle, kumsana kozungulira kwa lobe, inali 30 mm m'mimba mwake ndipo lift inali 10 mm, akaitsitsa kufika 28 mm osakhudza nsonga, lift imakhala 11 mm. Koma tsopano pali mpata wa 1 mm umene muyenera kutseka ndi mashimu okhuthala, lash cap (kachipewa ka pamutu pa vavu) kapena pushrod yaitali. Ndipo akanola mozama, amapyola khungu lolimba lija n'kufika pofewa. Pa injini ya mumsewu, regrind yofatsa yochitidwa ndi wodziwa ndi yokwanira. Kuwotcherera chitsulo pa lobe n'kupala ndi grinder ya pamanja ndiye ayi ndithu.

Poika, yezani zonse musanalize injini. Sipuling'i ikafika pa lift yonse isiye mpata wa 1.5 mm isanatsekane. Retainer, kambale kogwira sipuling'i, isagunde seal ya vavu. Ikani dongo loumbira pamutu pa pisitoni, zungulizani injini kawiri ndi dzanja, dulani dongolo muyeze: osachepera 2 mm ku inlet ndi 2.5 mm ku exhaust. Musadalire timizere ta pa sprocket, gwiritsani degree wheel ndi dial gauge (zoyezera madigiri ndi kukwera kwa vavu), makamaka ngati hedi inaphwasulidwapo n'kupalidwa, chifukwa pa injini ya kamshafti ya m'hedi kupala kumasuntha timing. Kumbukiraninso kuti vavu ya inlet ikachedwa kutseka, compression yeniyeni imatsika, ndiye kamshafti ya duration yaitali pa injini ya compression ya 9:1 imangokhala yaulesi. ECU, kompyuta ya injini, nayo ifunika kuisintha mafuta ndi spark.

Kamshafti yatsopano ya ma follower afulati ingafe pa mphindi 30 zoyambirira ngati simusamala. Ikani ma follower atsopano, osati akale, pakani mafuta oikira pa lobe iliyonse, ndipo thirani oyilo wokhala ndi zinc ya ZDDP. Injini ikangolira, ikwezeni pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20 mpaka 30, mukusinthasintha pang'ono, osailola kuima pa idle chifukwa pamenepo oyilo safika mokwanira pa ma lobe. Mukatha, tsitsani oyilo, dulani filter muone ngati muli tizitsulo tonyezimira, ndipo yezaninso mpata wa mavavu injini itazizira. Tiuzeni mtundu wa injini, compression yake ndi rpm imene mumayendera, tikuthandizeni kusankha duration.