Ndege yaoneka pa foni, tichite mantha?

Achimwene ena a ku Ngabu andilembera imelo. Mwana wawo wawaonetsa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Flightradar24, ndege ikudutsa kumwamba ikuonekanso pa foni, nambala yake ndi komwe ikulowera. Akufunsa ngati zigawenga sizingapezerepo mpata.

Achimwene, mwandikumbutsa Januwale wa 2015. Madzi atasefukira, mayi anga anatsekeredwa ku Makhanga, ine ndili tsidya lino ku Bangula. Tinamva zoti kukubwera helikopita. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu chiyambire m'mawa, dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa, makosi kuwawa n'kuyang'ana kumwamba. Injini ikangolira tonse dzambatu, kupeza kuti ndi thirakitala. Bambo wina amene tinkamudalira ankangoti "yanyamuka kale". Yafika pati? Zii. Mayi anawoloka pa bwato patapita masiku, atanyamula nkhuku imodzi, ndipo mpaka lero amati nkhukuyo ndiyo inavutika kuposa iwo.

Ndiye ine ndege yooneka sindiiopa. Ndimaopa yosaoneka. Amene anachezera usiku wa pa 10 Juni 2024 kudikira uthenga wochokera ku Chikangawa, ndege ya Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima itasowa, akundimvetsa.

Chimene mwanayo akuona chimatchedwa ADS-B. Ndege imadziwa pomwe ili kudzera pa GPS, n'kumalengeza yokha kawiri pa sekondi, pa mafunde a wailesi a 1090 MHz. Radar, yofufuzira ndege kumwamba, ndi chimakina chodula, pomwe cholandirira ADS-B ndi kabokosi ndi kamlongoti basi. Ku America analamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2020 ndege zouluka m'madera otanganidwa zikhale nayo, ndipo kuyambira 2019 masetilaiti a kampani ya Iridium amamvetseranso, ngakhale ndege ili pakati pa nyanja. Wondiuza kuti zimenezi n'za azungu, ifeyo tidikire kaye, sindimumvera.

Nanga chitetezo?

Apa mwalasa. Uthengawo sumabisidwa, ndipo ulibe chidindo chotsimikizira amene wautumiza. Mu 2012 akatswiri anaonetsa poyera kuti munthu atha kuulutsa ndege yabodza. N'chifukwa chake amene amatsogolera ndege ali pansi sadalira khutu limodzi: amafananiza ndi radar, kapena kuyeza nthawi imene uthengawo wafikira pa milongoti ingapo, bodza n'kugwidwa.

Mwanayo musamulande foni. Iyo imangolandira kudzera pa intaneti, singalankhule ndi ndege. Chimene angakuwonongereni ndi bandulo.