Musaikemo sipika ya galimoto

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike sipika ya galimoto yogula ku Kamwala m'malo mwa yong'ambika ya mu ogani ya Hammond L-100 ya kutchalitchi kwanu ku Matero, mu Lusaka. Chonde musatero. Ogani imeneyi inayamba kupangidwa mu 1961, ili ndi ampu (chokuzira mawu) ya ma valve, timababu tagalasi ta m'mawailesi akale, ndipo inapangidwira sipika zopepuka za pepala. Za galimoto n'zolemera, zambiri ndi za ma ohm 4 (muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), ndipo zimameza mawu okoma aja a m'mwamba n'kusiya kugunda kokhakokha.

Sipika yakaleyo musaitaye. Kankhani pepalalo pang'onopang'ono ndi zala. Ngati simukumva kukhulana mkati, koyilo (waya wokulungidwa amene amagwedeza pepalalo) ili bwino. Mateni pong'ambikapo ndi kapepala kopyapyala ndi guluu wofewa. Likakhala lawonongeka kwambiri, pezani wodziwa kusintha pepala lokha, maginito akhale omwewo.

Musayatse ampu sipika itachotsedwa, transformer ya mu ampuyo, yotumiza mawu ku sipika, ingapse.

Onaninso kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwa oganiyo. Ngati palembedwa 60 Hz (liwiro limene magetsi amasinthasinthira), magetsi athu a 50 Hz amachedwetsa mota yake yozunguza timawilo topanga mawu, ndipo mawu onse amatsika pafupifupi makiyi atatu. Kwaya imavutika nazo kwambiri. Transformer yotsitsa mphamvu ya magetsi singathetse vutoli, pamafunika frequency converter, chipangizo chosintha 50 Hz kukhala 60 Hz.