Glaze si penti, achemwali

Achemwali, mwafunsa komwe mungaphunzire kuumba kuno ku Mulanje, komanso penti yomwe imawalitsa makapu ndi mbale zadothi ngati zam'sitolo zija. Ndiyamba ndi za pentizo chifukwa m'pomwe ine ndinapsa manja.

Kuwala kuja si penti ayi. Amati glaze, ndipo kwenikweni ndi galasi. Amapaka ngati phala lamadzimadzi, chiwiyacho n'kubwereranso mu uvuni wake wapadera, moto wopitirira madigiri 1,000, zina mpaka 1,200 n'kupitirira, ndiye phala lija limasungunuka n'kuuma gwa ngati botolo. Moto wa nkhuni ndi udzu womwe timawotchera mbiya pabwalo sufika pamenepo. Ndiye anthu amene amanena kuti "ingogulani vanishi, ndi chimodzimodzi", pepani, ndikukayika ngati anaumbapo ngakhale ng'ombe yadothi ali mwana.

Ine ndinagula mtsuko wabwinobwino pa Chitakale, wolira bwino ukaugogoda. Ndinaona ngati ndi wosakongola, ndiye ndinapita ku hadiweya ina ku Limbe, wogulitsa n'kundilumbirira kuti penti ya mafuta ndi vanishi zake zimagwira pa dothi. Ndinapenta buluu, maluwa oyera m'khosi, vanishi kawiri, mpaka m'kati pang'ono. Unkaoneka bwino, osanama. Koma madzi ake! Ofunda ngati agona m'chigubu padzuwa, fungo la thina tsiku lonse. Apongozi anga anatunga kapu imodzi, n'kutuluka nayo panja mwakachetechete kukathira pa maluwa. Sanayankhule kanthu, koma ndinamva.

Vuto ndi ili: mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa umachita thukuta. Dothi lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amatulukira pang'onopang'ono, akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha. Mukapenta mwatseka timabowo tonse. Komanso penti zina za mafuta zimakhala ndi mtovu, chinthu choopsa kwambiri kwa ana. Choncho chilichonse chosungira madzi akumwa, chophikira kapena chodyera, penti isayandikire. Mtsuko wanga uja pano muli duwa pakhonde, ndipo penti yake inayamba kusupuka mvula yachiwiri isanathe.

Ngati ndi miphika ya maluwa kapena zokongoletsera pabalaza, gulani penti yotchedwa acrylic, muzipaka kunja kokha, mphika uli wouma bwinobwino. Kabotolo kakang'ono ndinagula cha m'ma K5,000 ku Blantyre, koma mukudziwa mmene mitengo ikuthamangira masiku ano, tengani yoonjezera.

Tsopano za kuphunzira. Ine njira yomwe ndinadzera ndi ya kumsika. Pitani tsiku la msika pa Chitakale, Limbuli kapena Luchenza, mukapeza amayi ogulitsa mbiya musangofunsa mtengo, funsani kuti waumba ndani. Ambiri amangopikula, koma adzakulozerani mudzi. Agogo omwe anandiphunzitsa ine sanatchule mtengo. Ndinkapita ndi shuga, sopo, ndi ka K3,000 kapena K4,000 pa tsiku, ndipo ndikuona ngati ndinkawabera.

Musayembekezere kuumba tsiku loyamba. Ine masiku awiri athunthu ndinangokhala pa mphasa kutola timiyala mu mtapo ndi kusinja mapale akale mu mtondo. Ufa wa mapalewo amasakaniza ndi dothi kuti mphika usang'aluke pamoto. Ndikati ndamaliza, agogo ankatsina kadothi, kukapekesa pakati pa zala pafupi ndi khutu, n'kundibwezera osanena kanthu. Ndiye kuti mwatsala kamwala. Kuumba kwenikweni amapota dothi ngati njoka, kusanjikiza mozungulira, dzanja limodzi m'kati lina kunja, kusalaza ndi chitsononkho ndi kachidutswa ka chipanda. Akakuuzani miyambo ya kumtapo, masiku oti musapiteko ndi zina, ingomverani. Si pokatsutsana pamenepo.

Ndipo kuwala komwe mukufunako aliko nako kwawo, kopanda penti. Mphika ukauma pang'ono, usanaumitsitse, amaupaka katondo wosungunula m'madzi, kenako amaukulunga ndi nkhulungo, kamwala kosalala ka kumtsinje, mpaka uyambe kunyezimira. Ukapsa umatuluka wofiirira, mwina ndi mawanga akuda pomwe panagunda utsi. Kwa ine umenewo umaposa wanga wa buluu uja kutalitali, ndipo madzi amazizira.

Chenjezo lina: musayambe mu June kapena July. Chiperoni chakunochi mukuchidziwa, zovala zimakana kuuma, nanji mphika. Wanga woyamba ndinauwotcha uli ndi chinyontho m'kati, unaphulika ngati mfuti, nkhuku zonse balala. Yambani August mpaka October, muziumitsa pamthunzi masabata awiri kapena kuposerapo, osati padzuwa.

Mukafunitsitsa glaze yeniyeni ndi kuumba kwa pa gudumu, ndiye ulendo wa ku Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987. Kumeneko mumaona ndi maso mmene amajambulira makapu ndi mbale asanazilowetse mu uvuni. Kulinso ya ku Nkhotakota m'mbali mwa nyanja, yomwe inatchuka ndi kuphunzitsa alendo kuumba. Imbani kaye musananyamuke, chifukwa kuchoka kuno kudzera Limbe, Zalewa, Ntcheu, thiransipoti yokha ikudyani kuposa zonse ndatchula pamwambazi.

Mukaumba mphika wophikira, musathamangire kuteleka nyemba. Yambani mwaphikamo phala la gaga, lisefukire ndithu, ligonemo, mawa lake mutsuke. Limatseka timabowo tomwe tikanadonthetsa madzi, komanso limachotsa fungo la dothi.