Breaker ikugwa mukayatsa makina a espresso: yambani ndi masamu

Mwafunsa chifukwa chake breaker (switchi yomwe imadula magetsi yokha akachuluka pa waya) imagwa mukayatsa makina a espresso pamodzi ndi ketulo, komanso ngati makinawo akufunika waya wawowawo.

Onani kaye mawati olembedwa pansi kapena kumbuyo kwa makinawo, muwagawe ndi mavoti kuti mupeze maampeya. Makina ambiri a boyila (thanki yotenthetsera madzi) imodzi amakoka mawati 1,000 mpaka 1,500. Pa mavoti 230, mawati 1,500 ndi maampeya 6.5, pomwe ketulo ya mawati 2,200 imakoka pafupifupi 9.6. Ziwirizi zafika kale pa 16. Firiji ikangolira pa waya yemweyo, breaker ya maampeya 16 ikhoza kugwa. Pa mavoti 120 makina a mawati 1,500 pawokha amakoka maampeya 12.5, ndiye breaker ya 15 yatsala pang'ono kudzadza.

Ngati ndi a maboyila awiri, ine ndingawakokere waya wawo kuchokera ku bokosi la ma breaker: wa kopa wa 2.5 mm², breaker ya 16 kapena 20, ndi soketi yokhala ndi earth (waya wachitetezo wopita pansi). Chonde musaike breaker yaikulu pa waya wochepa. Breaker imateteza waya, ndipo waya ukatentha mkati mwa khoma mudzazindikira utsi utatuluka. Ekisitenshoni isiyeni, mapini ake amatentha.

Koma onetsetsani chomwe chikugwacho. Ikakhala RCD (switchi yomwe imagwa magetsi akamadontha) ya 30 mA, vuto si kuchuluka kwa katundu ayi. Magetsi akudontha, kawirikawiri chifukwa element (chitsulo chotenthetsa madzi m'makinamo) yang'ambika ndipo madzi alowamo. Zulani pulagi, katswiri wa magetsi ayeze element musanawayatsenso.