Vinyo wa pinki wa pa Instagram uja, mugule kapena ayi?

Achemwali ena a ku Lilongwe andilembera imelo. Akukonza chinkhoswe cha mng'ono wawo, ndiye pali vinyo wina wa pinki yemwe akungomuona paliponse pa Instagram ndi TikTok, mtengo wake wokwera koopsa, akufunsa ngati ndi wabwinodi kapena ndi phokoso chabe.

Achemwali, funso lanuli mwandikhudza penipeni, chifukwa ine ntchito yanga ndi yaweta kuno ku Western Cape, mu lesitilanti ina ya pafamu ya mphesa, ndipo nkhani imeneyi ndimakumana nayo tsiku ndi tsiku. Kale kasitomala amakhala pansi, umamupatsa menyu ya vinyo, amafunsa kuti ndi nsomba iyi ndimwe chani, mumakambirana ngati anthu. Pano ayi. Asanakhale n'komwe watulutsa kale foni, akukuloza chithunzi, akuti ndikufuna uyu. Ukamuuza kuti bwana ameneyo tilibe koma tili ndi wina wa pafamu pompano wokoma kuposa ameneyo, nkhope yagwa. Ena amajambula lebulo ndi Vivino, app ija inayamba ku Denmark mu 2010, imakuonetsa nyenyezi zomwe anthu ena apereka, ndipo zikakhala zochepa botolo limabwerera osalawa ngakhale dontho. Anthu operekawo sakuwadziwa, mwina anamwa vinyoyo atatentha m'galimoto, mwina anali atakangana ndi akazi awo tsiku limenelo, koma akuwakhulupirira kuposa lilime lake lomwe.

Vinyo wa pinkiyu, rosé, mbiri yake pa intaneti ndi yosabisa. Dzina lalikulu ndi Whispering Angel wa ku Château d'Esclans ku Provence, France, famu yomwe Sacha Lichine anagula mu 2006. Vinyo wake si woipa ayi, ndamulawapo, ndi wopepuka, wosatsekemera. Koma chomwe chinamukweza kwambiri ndi mtundu, pinki wotumbululuka uja amaoneka bwino pa chithunzi, pafupi ndi swimming pool, dzuwa likuwala kuseri kwa tambula. Mafamu ena ataona zimenezo nawonso anayamba kupanga rosé wotumbululuka ndikumuika m'mabotolo oyera oonekera mkati kuti mtundu uzioneka. Apa ndi pomwe ine ndimapsa mtima, chifukwa aliyense wopanga vinyo amadziwa kuti kuwala kumaononga vinyo, n'chifukwa chake mabotolo ambiri amakhala obiriwira kapena akuda. Ndiye asankha botolo lokomera kamera osati lokomera vinyo. Tsono ganizani botolo limenelo layenda pa thiraki kuchoka ku Joni, kudikira pa boda, kenako lakhala pa shelefu pansi pa magetsi miyezi kaya ingati mu kutentha kwa Okutobala. Mtsikana wa pa Instagram uja sanamwe limenelo.

Ndipo za TikTok musandiyambe. Kunabwera fashoni yoika tsabola wa jalapeño mu vinyo woyera wotchedwa Sauvignon Blanc, basi makasitomala kuyamba kutituma ku khitchini kukadula tsabola. Munthu wadulira mphesa chaka chonse, wakolola m'bandakucha kuti zisatenthe, iwe n'kuponyamo tsabola chifukwa wawona pa foni. Ndalama ndi zako inde. Ine ndimangobweretsa mwakachetechete.

Komanso pali ma influencer, anthu otchuka pa intaneti aja otsatsa malonda. Abwana anga ena akale ankawapatsa tebulo labwino, chakudya ndi vinyo zaulere, iwo n'kujambula ola lathunthu chakudya chikuzizira, tambula kungoyigwira osamwa, n'kuchoka osasiya tipi. Mawa lake positi ikuti vinyo wokoma kwambiri yemwe ndamwapo chibadwire. Sabata yotsatira mawu omwewo pa famu ina. Osalemba paliponse kuti anapatsidwa zaulere. Kwa ine kumeneko ndi kunama basi, palibe dzina lina, ndipo amene amalipira bodzalo ndi anthu ngati inu amene mukuwerengera makwacha a chinkhoswe.

Koma ndisakhale ngati wodana ndi foni. Mu 2020, kuyambira pa 27 Malichi, boma la South Africa linaletsa kugulitsa mowa chifukwa cha Covid, linatsegula mu Juni, n'kutsekanso mu Julayi, n'kutsekanso kumapeto kwa Disembala. Ife maweta, odula mphesa, oyendetsa mathirakitala, Amalawi ndi Azimbabwe ambirimbiri, tinangokhala m'nyumba opanda tipi opanda chani. Nthawi imeneyo kunabuka #SaveSAWine, anthu a ku Britain ndi maiko ena akupositi mabotolo a kuno kulimbikitsana kugula, mafamu akugulitsa pa intaneti kuti adzapereke chiletso chikatha. Zinathandiza kuti ena a ife tipeze ntchito zathu zilipobe. Ndiponso opanga vinyo ang'onoang'ono omwe alibe ndalama ya zikwangwani za mumsewu, foni ndi imene imawafikitsa kwa anthu. Ntsiki Biyela, mayi woyamba wachikuda kukhala katswiri wopanga vinyo ku South Africa, ali ndi vinyo wake wotchedwa Aslina, dzina la agogo ake. Tinashe Nyamudoka wa ku Zimbabwe ali ndi Kumusha, Joseph Dhafana ali ndi Mosi, ndipo awiriwa anali mu timu ya Zimbabwe yomwe inakapikisana ku France mu 2017 pa mpikisano wolawa vinyo osaona lebulo. Anthu amenewa ndimawatsatira ndi mtima wonse, chifukwa akamalankhula za vinyo amakuuza mphesa yake, dera lake, chaka chake, pamene enawo amangokuonetsa zikhadabo zopenta zitagwira tambula. Ngakhale Gary Vaynerchuk yemwe anayamba makanema a Wine Library TV mu 2006 ku New Jersey, phokoso lake lonse lija, ankalawa pamaso pa anthu ndipo vinyo akakhala woipa ankanena, ngakhale anali wa mushopu ya bambo ake.

Nanga mugule chani?

Musagule katoni ya vinyo yemwe simunamulawe. Gulani botolo limodzi, liziziritseni bwino, muitane azakhali awiri ndi mng'ono wanuyo mulawe. Ndikukuuziranitu, Amalawi ambiri timakonda wotsekemera, ndipo rosé wa mtundu wa Provence satsekemera, azakhali adzakwinya nkhope n'kupempha Fanta kuti asakanize. Vinyo wotsekemera ngati Four Cousins wa ku famu ya Van Loveren ku Robertson, kapena 4th Street, anthu a pa Instagram amawanyoza koma pa chinkhoswe amatha msanga, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Yang'ananinso Linga, vinyo wa zipatso wopangidwa ku Lilongwe konko. Mukalimbikirabe rosé onani chaka pa lebulo, akhale wa chaka chino kapena chatha, wakale musiyeni, ndipo tengani botolo la kumbuyo kwa shelefu komwe sikufika kuwala. Botolo la 750ml limatulutsa matambula 5 mukamathira moyenera, werengerani pamenepo, osaiwala kuti a mpingo ambiri sadzamwa n'komwe ndiye ndalama ina ipite ku juwisi. Ngati mng'ono wanu akufunitsitsa chithunzi, gulani botolo limodzi lokhalo la pinki la patebulo la akwati, enawo amwe wotsekemera.